Galimoto ikagunda munthu woyenda pansi: njira yolondola chipukuta misozi

Msewu wa M1 ukalowa m'maboma a Dedza ndi Ntcheu umadutsa pakati penipeni pa misika. Pa Chimbiya, pa Linthipe, pa Bembeke, pa Lizulu, pa Mlangeni, pa mphambano ya Tsangano, pa Kampepuza, anthu amayala mbatatesi, kabichi ndi tomato m'mphepete mwa tala, ndipo basi ikangoima amayi ndi ana amathamangira m'mawindo mabeseni ali pamutu. Pa tala yemweyo pakudutsa mathiraki olowera pa chipata cha Dedza, maminibasi olimbirana anthu ndi njinga zamoto za kabaza. Nyengo yozizira chifunga chikatsika m'mapirimu, dalaivala saona patali. Midzi yambiri ya m'mbali mwa msewuwu ili ndi munthu wotsimphina, kapena manda a munthu amene anagundidwa akudziyendera pansi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri mwa anthu amenewa sanalandire kanthu, chonsecho lamulo linali kumbali yawo. Ena anapatsidwa ya thiransipoti ndi thumba la ufa pamaliro, nkhani n'kuthera pomwepo. Ena anayamba kulondola patapita zaka, zikalata zitasowa, nthawi itatha. Chipukuta misozi cha ngozi yapamsewu chimayendera mapepala, ndipo mapepala ofunika kwambiri amapezeka m'masiku oyambirira, pamene banja lili pikitipikiti ndi matenda kapena maliro. Choncho werengani izi tsoka lisanafike, kuti likadzafika pakhale mmodzi wodziwa poyambira.

Pa malo a ngozi

Choyamba ndi moyo. Wogundidwa musamukoke manja kapena miyendo, ndipo musamuimiritse. Ngati wakomoka, kapena akudandaula khosi kapena msana, mmodzi agwire mutu kuti usagwedezeke, ena amunyamule thupi lili lowongoka, pa thabwa kapena chitseko. Pamene pakutuluka magazi panikizani ndi chitenje chaukhondo. Musamumwetse madzi, chifukwa mwina kuchipatala akafunika opareshoni. Boma linakhazikitsa nambala ya 118 yoitanira ambulansi pa ngozi za pa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Imbani, koma ikachedwa pezani galimoto ina iliyonse.

Ena akamathandiza wovulala, pakhale munthu mmodzi wodekha amene maso ake ali pa galimotoyo. Alembe nambala yake, ngakhale pa dzanja kapena pa katoni. Ngati ndi thiraki alembe ya kutsogolo ndi ya ngolo yakumbuyo, chifukwa zimasiyana, komanso dzina la kampani lolembedwa pa chitseko. Ajambule ndi foni pamene galimoto yaima, pamene yaphwanyika, mizere imene matayala asiya pa tala, ndi pamene munthu anagwera. Kenako apite pa galasi lakutsogolo. Pamenepo pamamatidwa madisiki, ndipo imodzi ndi ya inshulansi. Ili ndi dzina la kampani, nambala ndi tsiku lothera. Chithunzi cha disiki imeneyo chidzakupulumutsani ku maulendo ambiri.

Apezenso mboni ziwiri kapena zitatu zimene zinaona ndi maso, osati zobwera zitamva phokoso. Ogulitsa malonda pamalopo ndi abwino, chifukwa mawa mudzawapezanso pomwepo. Alembe mayina, mudzi ndi nambala za foni.

Pano ndipemphe mochokera pansi pa mtima. Musamenye dalaivala, musaswe magalasi, musaotche galimoto. Mkwiyo ndikuumvetsa, makamaka wogundidwa akakhala mwana. Koma galasi limene mwaswalo ndi limene linali ndi dzina la inshulansi, ndipo apolisi akayamba kusaka ootcha galimoto, mboni zonse zimabisala, palibenso wofuna kunena kuti analipo. Lamulo limalamula dalaivala kuima, kuthandiza wovulala, kupereka dzina ndi adiresi yake, ndi kukanena kupolisi. Madalaivala ambiri amapitirira osaima chifukwa choopa kuphedwa, wovulala n'kutsala pa tala opanda galimoto yomutengera kuchipatala.

Galimoto ikathawa, dziwitsani apolisi nthawi yomweyo: mtundu wake, maonekedwe, kumene yalowera, ngakhale theka la nambala. Pa M1 pali marodibuloko, ndiponso zipata zolipirira za Kalinyeke ndi Chingeni, kotero uthenga ukafulumira ikhoza kugwidwa.

Kuchipatala

Pitani tsiku lomwelo ngakhale mukuona ngati mwangosupuka. Kuvulala kwa m'mutu ndi m'mimba kumabisala, ndipo munthu amene wafika kuchipatala patatha sabata amapatsa a inshulansi mpata wonena kuti anavulalira kwina. Uzani adokotala momveka kuti mwagundidwa ndi galimoto, kuti, liti, ndipo onetsetsani kuti zalembedwa m'kabuku ka kuchipatala. Tchulani paliponse pamene pakupweteka. Anthu amangonena za mwendo wothyoka n'kuiwala dzino loguluka, khutu losamva kapena mutu wozungulira, ndiye zimene sizinalembedwe zimavuta kudzaziwerengera pambuyo pake.

Kabuku kameneka kasungeni m'pepala la pulasitiki. Mukatumizidwa kuchoka pa chipatala cha boma cha Dedza kapena Ntcheu kupita ku Kamuzu Central ku Lilongwe, sungani kalata yotumizirayo, zithunzi za mafupa, ndi pepala lotulutsira m'chipatala. Jambulani mabala ali aawisi, jambulani chikhakha, jambulani zipsera zikapola. Gulani kope la sukulu, muzilembamo tsiku ndi ndalama iliyonse yatuluka chifukwa cha ngoziyi, ndipo malisiti a mankhwala, a ndodo zoyendera ndi a thiransipoti muziwamata momwemo. Khoti limabweza ndalama zoterezi pokhapokha zitatchulidwa m'madandaulo ndi kutsimikizidwa, ndipo umboni wake ndi lisiti. Lembaninso za amene akudikirira wodwala, ngati wasiya geni kapena ganyu.

Pepala lalikulu la kuchipatala ndi lipoti la dokotala. M'menemo amalemba mmene munavulalira, chithandizo chimene munalandira, masiku amene munagona m'chipatala, ndi kulumala kumene kwatsala, powerengera pa magawo 100. Musalithamangire. Lipoti lolembedwa mwendo uli m'chikhakha silinganene ngati udzafupika kapena bondo lidzauma. Dikirani adokotala aone mmene mwapolera, komabe diso lili pa nthawi, monga ndifotokozere kutsogoloku. Ndipo wina akakuuzani kuti adziwa munthu wowonjezera mabala pa lipoti, mukaneni. Makampani amakafufuza m'mabuku a chipatala, bodza likapezeka mlandu wabwino umafa, inu n'kutsala ndi mlandu wachinyengo.

Kupolisi

Wachibale akanene ku ofesi ya apolisi apamsewu tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, ngakhale dalaivala atanena kuti wakanena kale. Zimene iye wakanena ndi mbali yake. Wovulala akapeza mphamvu apereke sitetimenti yake, mboni nazonso zipereke zawo. Musanasayine kapena kudinda chala, pemphani akuwerengereni m'Chichewa, ndipo pamene palakwika pakonzedwe. Funsani dzina la wapolisi amene akuyendetsa nkhaniyo ndi nambala ya fayilo.

Kafukufuku akatha, pemphani lipoti la apolisi. Limalipiridwa, ndipo mutenge lisiti ya boma chifukwa ndalamayo idzabwezedwa pamodzi ndi zina. Musachoke pa kauntala musanalione bwino. Dzina lanu lifanane ndi la pa chitupa cha unzika. Tsiku, malo, nambala ya galimoto, dzina la dalaivala, la mwini galimoto, kampani ya inshulansi ndi nambala yake, zonse zikhalepo. Chilembo chimodzi cholakwika pa nambala ya galimoto chimatha kuimitsa fayilo miyezi.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri. Pa ngozi imodzi pamabadwa milandu iwiri. Woyamba ndi wa boma ndi dalaivala, woyendetsa mosasamala kapena kupha munthu chifukwa choyendetsa mosasamala. Akapezeka wolakwa amalipira chindapusa kapena kupita kundende, ndipo chindapusacho chimalowa m'thumba la boma. Wachiwiri ndi wanu, wofuna chipukuta misozi, ndipo apolisi sakuyambitsirani. Mukamva kuti dalaivala walipira kukhoti, musaganize kuti nkhani yatha kapena kuti ndalama yanu yadyedwa. Yanu sinayambe n'komwe. Chigamulo chomupeza wolakwa chikhoza kukuthandizani, choncho kapempheni kope yake kwa akalaliki a khoti. Ngakhale atapanda kuimbidwa mlandu, khomo lanu silinatsekeke, chifukwa pa mlandu wa chipukuta misozi khoti limayeza mbali imene umboni wake ukulemera kuposa inzake.

Chipepeso si chipukuta misozi

Mawa lake mwini galimoto amabwera. Nthawi zambiri amabwera mwaulemu, ndi shuga, sopo ndi envulopu, ndipo pamaliro amagula bokosi ndi ufa. Umenewu ndi umunthu, ndipo palibe chifukwa chomubwezera. Landirani, thokozani, lembani m'kope muja kuti wapereka zakutizakuti.

Vuto limayamba akatulutsa pepala. Amati, “Bambo, tisavutane ndi zamakhoti, ife ndi anthu amodzi. Tingolemberana pamaso pa amfumu kuti nkhani yatha.” Ena amapempha kuti mukauze apolisi kuti mwakhululuka. Banja limene lagulitsa kale mbuzi kuti lipeze thiransipoti ya ku Lilongwe limaona ndalama ili pa mphasa, n'kusayina. Kusayina tsiku limenelo kuli ngati kugulitsa mbatatesi zili m'munda zisanakhwime: wogula akudziwa mtengo wake, inu simukudziwa. Simunadziwe ngati mwendo udzagwiranso khasu, ngati mwana adzabwerera kusukulu, ngati padzafunika opareshoni yachiwiri.

Yankho lake ndi lofatsa: “Zikomo kwambiri, achimwene, chithandizo talandira. Koma zosayina tidikire adokotala atiuze mmene wodwala wapolera, ndipo tikambirana ndi a inshulansi anu.” Mukatero simunamulakwire. Ndalama imene amalipira ku inshulansi chaka ndi chaka ndi ya tsiku ngati limeneli. Mafumu athu, anyakwawa ndi magulupu, ndikupemphani kuti pa nkhani iyi muziyanjanitsa mitima, koma musamachitire umboni pepala lotseka chipukuta misozi cha munthu amene akadali pa bedi.

Wolipira ndani

Lamulo la zapamsewu la Road Traffic Act la 1997 limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pa msewu kukhala ndi inshulansi yoteteza anthu ena amene ingawavulaze kapena kuwapha. Woyenda pansi ndi mmodzi wa anthu amenewo. Gawo 148 la lamuloli limakupatsani mphamvu yolondola kampani ya inshulansi mwachindunji, m'dzina lanu, osadikira kuti mwini galimoto akuyendereni. Pa mlandu wa kukhoti nthawi zambiri amasumiridwa pamodzi dalaivala, mwini galimoto ndi kampaniyo. Mwini galimoto amalowamo ngati dalaivala anali pa ntchito yake, monga wa minibasi kapena wa thiraki ya kampani.

Dziwani kuti kampani imalipira mpaka pa malire a mgwirizano wake ndi mwini galimoto. M'zigamulo zambiri za khoti lalikulu malire amene akhala akutchulidwa ndi K5 miliyoni. Funsani malire a galimoto imene inakugundani. Khoti likagamula zoposa pamenepo, zotsalazo ndi ngongole ya dalaivala ndi mwini galimoto, n'chifukwa chake mayina awo asasiyidwe pa samani.

Galimoto ya boma, ya nambala ya MG, mlandu wake umapita kwa Attorney General, loya wamkulu wa boma, ndipo lamulo limafuna kuti apatsidwe kalata yochenjeza miyezi itatu musanasume. Thiraki yakunja imayenera kukhala ndi inshulansi yogula pa chipata kapena khadi la inshulansi lotchedwa Yellow Card, la bungwe la zamalonda la mayiko la COMESA. Apa changu n'chofunika koposa: apolisi ajambule mapepala onse thirakiyo isanawoloke malire, chifukwa ikafika ku Tete kapena ku Harare kuipezanso n'kovuta.

Njinga yamoto ya kabaza nayo lamulo limaiona ngati galimoto, koma zambiri zikuyenda zopanda nambala ndi inshulansi. Zikatero mumalondola woyendetsa ndi mwini njinga, ndipo zimene mungapeze zimadalira zimene iwo ali nazo. Anyamata a pa siteji amadziwana, tcheyamani wawo akhoza kukuuzani mwini njinga. Chimodzimodzi galimoto imene inshulansi yake inatha.

Ngati munagundidwa muli pa ntchito yolembedwa, mwachitsanzo abwana atakutumani, kadziwitseninso ofesi ya zantchito pa boma, chifukwa lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito, la Workers' Compensation Act, lili ndi njira yakeyake.

Nthawi

Mphamvu yolondola kampani ya inshulansi mwachindunji imatha pakapita zaka ziwiri kuchokera tsiku la ngozi. Mlandu wa kuvulala chifukwa cha kusasamala kwa wina, lamulo la Limitation Act limaupatsa zaka zitatu. Chimene chimaimitsa nthawi ndi kutsegula mlandu kukhoti. Makalata, mafoni ndi malonjezo a “bwerani mwezi wamawa” saimitsa. Lembani tsiku la ngozi pa chikuto cha kope, ndipo chaka chimodzi chikatha musanalandire yankho logwirika, pitani kwa loya sabata yomweyo.

Kalata ya ku inshulansi

Mukhoza kuyamba nokha. Lembani kalata yofotokoza kuti ndinu ndani, ngozi inachitika liti ndi kuti, galimoto iti, nambala ya inshulansi, mmene munavulalira, ndi kuti mukufuna chipukuta misozi. Phatikizani mafotokope a lipoti la apolisi, lipoti la dokotala, kabuku ka kuchipatala, malisiti ndi chitupa cha unzika. Mapepala enieni asachoke m'manja mwanu. Kaperekeni ku ofesi ya kampaniyo, ambiri ali ndi maofesi ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo akudindireni chidindo cha tsiku pa kope yanu. Funsani nambala ya fayilo ndi dzina la amene akuiyendetsa.

Akavomera, amatchula ndalama. Simukakamizidwa kuvomera mtengo woyamba. Pemphani akulembereni, mupite nawo kwa wodziwa malamulo akauyerekeze ndi zimene makhoti agamula posachedwa pa kuvulala kofanana ndi kwanu. Fomu imene amasayinitsa popereka ndalama imanena kuti mwalandira zonse ndipo simudzabweranso. Ikasayinidwa, kubwerera n'kovuta kwambiri, ngakhale mwendo utadzadulidwa pambuyo pake. Ndalama ilowe mu akaunti ya dzina la wovulala.

Kampani ikangokhala chete kapena kukuzungulitsani, makampani a inshulansi amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, kudzera mu ofesi ya Registrar of Financial Institutions, imene imalandira madandaulo a anthu. Lembani kumeneko, muphatikize kope ya kalata yodindidwa ija.

Loya, ndi adobadoba a m'mawodi

Ngati fupa lathyoka, chiwalo chaduka, mutu wavulala kapena munthu wamwalira, ine ndikuti pezani loya. Koma mumupeze inuyo, asakupezeni iye. M'zipatala mumazungulira anthu ovala bwino amene amafika pa bedi wodwala asanatsitsimuke n'komwe, ali ndi fomu m'manja, akuti ndi othandiza ovulala pa ngozi. Amatenga kabuku ka kuchipatala, amasayinitsa pepala losalembapo kanthu, mwina amasiya kandalama ka sopo. Malamulo a ntchito ya uloya amaletsa kusaka makasitomala mwanjira imeneyi. Mabanja ena amva patapita zaka kuti ndalama inatuluka kalekale, iwo osaona ngakhale tambala.

Loya weniweni ali ndi ofesi yodziwika ndi chiphaso chogwirira ntchito cha chaka chimenecho, ndipo bungwe la maloya la Malawi Law Society limatulutsa mndandanda wa maloya ololedwa. Kaonaneni naye maso ndi maso. Mugwirizane za malipiro polemba, mudziwe kuti adzadula zingati ndipo adzadula pa chiyani, poti wogonja pa mlandu amalamulidwanso kulipira ndalama zoyendetsera mlandu. Akupatseni nambala ya mlandu, imene mungakafunsire nokha ku kaundula wa khoti. Ndalama ikatuluka, pemphani kuona chigamulo kapena kalata ya kampani yosonyeza ndalama yonse. Akakana, kadandauleni ku Malawi Law Society.

Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma loimira anthu ovutika pa milandu. Lili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Zomba, Mzuzu ndi m'maboma ena, ndipo akalaliki a khoti la majisitireti pa Dedza kapena pa Ntcheu akulozerani yapafupi.

Zimene khoti limawerengera

Milandu ikuluikulu imapita ku khoti lalikulu. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu a 2017 amafuna kuti mbali ziwiri ziyambe zakhala pansi pamaso pa woweruza kuyesa kumvana, ndipo milandu yambiri imathera pomwepo. Zikakanika, khoti limayamba laona ngati dalaivala analakwa, kenako pamakhala tsiku lina loyeza kuchuluka kwa ndalama.

Limawerengera ululu ndi kuzunzika kumene mwadutsamo. Limawerengera zimene munkachita koma tsopano simungathe: kulima, kupalasa njinga, kusenza mtolo, kusewera mpira, kuvina ngoma. Limawerengera zipsera ndi kupunduka kwa thupi, ndalama zimene munataya muli chigonere, mphamvu yopezera ndalama imene yachepa mpaka kalekale, ndi zonse za m'malisiti. Tsiku limenelo musachite manyazi kapena kudzilimbitsa. Ngati simuthanso kukhala chonjuta, ngati usiku simugona, ngati munda wagonera chifukwa cha mwendo, nenani. Mlimi kapena wageni alibe pepala la malipiro, koma kope ya malonda, buku la banki m'khonde, mauthenga a Mpamba kapena Airtel Money, ndi malisiti ogulitsira mbewu zimathandiza. Popanda umboni wina uliwonse, makhoti amagwiritsa ntchito malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa.

A inshulansi kawirikawiri amayankha kuti woyenda pansi ndiye analakwa: anawoloka osayang'ana, anatulukira kumbuyo kwa basi, anali ataledzera. Musagwe mphwayi. Ngati nonse munalakwitsa, khoti limagawa kulakwako. Tiyerekeze kuti layeza K4 miliyoni, n'kupeza kuti inu munalakwa magawo 25 pa 100. Mulandira K3 miliyoni. Dalaivala wodutsa pa msika, pa sukulu kapena pa mizere yowolokera amayenera kuchepetsa liwiro ndi kuyembekezera kuti munthu akhoza kulowa mumsewu, makamaka mwana. Apa ndi pamene zithunzi za mizere ya matayala ndi mboni za tsiku loyamba zija zimagwira ntchito.

Munthu akamwalira, kapena akakhala mwana

Pa maliro mapepala amaiwalika msanga, choncho mmodzi wa pabanja apatsidwe ntchito imeneyi yokha. Pakufunika lipoti la chipatala lonena chimene chapha munthu, chiphaso cha imfa chochokera ku National Registration Bureau, ofesi yopereka zitupa za unzika, lipoti la apolisi, ndi malisiti a bokosi, thiransipoti ndi zina za pamaliro. Apolisi akapempha kuti thupi lipimidwe, lolani, ngakhale mtima ukufuna kunyamula msanga. Kenako funsani ku ofesi ya DC kapena kwa loya za kalata yoyendetsera chuma cha masiye, motsatira lamulo la 2011 la chuma cha masiye, chifukwa kampani imafuna kudziwa amene ali ndi mphamvu yolandira.

Lamulo la Statute Law (Miscellaneous Provisions) Act limati mlandu wa imfa yotere ndi wothandiza mkazi, mwamuna, ana ndi makolo a malemu. Khoti limapereka ndalama ya moyo umene wafupikitsidwa, ndi ina ya chithandizo chimene banja lataya. Yachiwiriyi amaiwerengera chonchi: zimene malemu ankapeza pa chaka, kuchulukitsa ndi zaka zimene akanapitiriza kuthandiza banja, n'kuchotsapo gawo limodzi mwa atatu limene akanadya yekha. Tiyerekeze bambo wopeza K150,000 pa mwezi, khoti n'kumuwerengera zaka 15. Pa chaka ndi K1,800,000, pa zaka 15 ndi K27 miliyoni, kuchotsa gawo lake kutsala K18 miliyoni. Yerekezani ndi bokosi ndi thumba la ufa. Mayi amene sanali pa ntchito yolembedwa nayenso amawerengeredwa, chifukwa kulima, kuphika ndi kulera ndi chithandizo chimene banja lataya.

Kuno kwathu amalume ndi eni mbumba ali ndi ulemu wawo, ndipo ndi bwino kuti atsogolere maulendo a ku boma. Koma ndalama imeneyi ndi ya amasiye ndi ana. Mkazi wamasiye adziwe nambala ya mlandu, apite nawo kwa loya, ndipo dzina la mwana aliyense lilembedwe, kuphatikizapo ana a kwina ngati alipo, kuti khoti ligawe lokha. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pa lamulo la 2011 lija.

Mwana wovulala sangasume yekha, amamuimira kholo kapena womulera. Mgwirizano uliwonse wa chipukuta misozi cha mwana pa mlandu wa kukhoti umayenera kuvomerezedwa ndi khoti, ndipo khoti likhoza kulamula mmene ndalamayo isungidwire. Pa mwana musafulumire kutseka nkhani. Fupa lothyoka pafupi ndi mfundo likhoza kusokoneza kakulidwe ka mwendo, ndipo kuvulala kwa m'mutu nthawi zina kumaonekera m'kalasi, mwana akayamba kuiwala, kukwiya msanga kapena kugwa khunyu. Sungani malipoti a kusukulu a ngozi isanachitike ndi a pambuyo pake, pemphani aphunzitsi alembe zimene akuona, ndipo mupite nazo kwa adokotala asanalembe lipoti lomaliza. Ndalama ikabwera, itsegulireni akaunti ya dzina la mwanayo, osayinira akhale awiri.